Injini Zisanu ndi Zinayi za Latifu

Tsiku limene Amosi anamuyalutsa Latifu, makaniko wake, pa galaja yake pa Ulongwe, panali madalaivala atatu a minibasi, panali a Binti ogulitsa mandasi, panalinso mwini galimoto imene inafera pamsewu. Amene panalibe ndi Dorica, mkazi wa Latifu, mlongo wake wa Amosi yemweyo. Akanakhalapo iyeyo, akanamutseka pakamwa mchimwene wakeyo.

Amosi anakweza pisitoni yakuda bii kuti aliyense aione.

"Alamu, ndinakupatsani yatsopano ya m'katoni. Iyi mwaitola kuti, kudzala? Tengani masipanala anu muzipita. Pano sitimanga injini ndi zinyalala."

Anthu anaseka. Latifu analakwadi, yatsopanoyo anagulitsa n'kugulira feteleza. Koma kulakwako anakuiwala tsiku lomwelo. Chimene anasunga ndi kusekako.

Anayamba kukonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango, tsidya lina la msewu, akumanga injini ndi zitsulo za pasikirapu. Zinkafuka utsi, mwezi osatha zafa. Amosi ankaitanitsa zatsopano ku Limbe, magalimoto n'kumafola pakhomo pake. Latifu ankangowawerenga, mtima ukutentha.

Tsiku lina anapalasa njinga mpaka ku Chikweo kwa bambo wina wamankhwala. Anamupeza masana akusenda chinangwa.

"Mwadzera chuma kapena munthu?" anafunsa bamboyo osadzutsa mutu.

"Zonse. Injini zanga zithamange kuposa zake, iye adzandigwadire."

"Zazing'ono zimenezo. Injini iliyonse muziikamo chitsulo chimodzi cha galimoto imene inapha munthu. Osachitsuka, osachipukuta. Chimakoka kuposa cha m'katoni, chifukwa chimathamangira chimene chinalawa."

"Nanga inu ndikupatsani chiyani?"

"Ine nkhuku basi. Injini ndiyo izidzitengera wake, iliyonse mmodzi. Ikatenga, chiphapha chake mukagule ndinu, muchotse chitsulocho ndi manja anuwo dzuwa lisanalowe kawiri. Mukachedwa, injiniyo idzalirira m'mutu mwanu."

"Wotengedwayo ndani?"

"Wokwera. Kodi onse okwera minibasi mumawadziwa?"

Latifu anaganiza pang'ono, n'kupeza kuti sawadziwa.

Injini yoyamba anaimanga ndi pisitoni ya lole imene inagubuduzika ku Balaka. Minibasi imene anaikamo injiniyo inkafika ku Mangochi anzake akadali m'njira, n'kutola okwera onse. Madalaivala anasamukira pansi pa mango. Mtengo wake theka la wa Amosi, liwiro kawiri, angakane ndani? Latifu anafolera malata, anagula njinga yamoto. Anamuletsa Dorica zinthu ziwiri: kukwera minibasi iliyonse ya pa Ulongwe, ndi kulankhula ndi mchimwene wake. Chifukwa chake sananene.

Yoyamba inatenga mayi wa tomato. Yachiwiri inatenga mphunzitsi. Yachitatu inatenga kondakitala wake yemwe, tsiku lopanda mvula, msewu uli mbee. Nthawi zonse Latifu ankafika msanga ndi sipanala, n'kugula chiphaphacho osanenerera. Anthu anayamba kunong'ona, koma magalimoto sanaleke kubwera. Iye anasiya kudya nyama. Manja ake ankanunkha ngakhale awasambe ndi petulo.

Kwa Amosi kunamera udzu. Mmawa wina anawoloka msewu chipewa chili m'manja.

"Alamu, pikapu yanga yatsala pisitoni imodzi. Ya ku Limbe sindingaikwanitse. Mwina muli nako kakale?"

"Kakudzala kaja?"

"Ndinalankhula moipa, alamu."

"Kwezani mawu, a Binti amve."

Amosi anakweza. Apo Latifu akanakhuta, pakuti chimene anapalasira njinga chinali chitachitika. Koma mtima wake unkafunabe. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi pisitoni ya minibasi ya kondakitala uja.

"Tengani, ndi yaulere. Musaitsuke, imakhala bwino ndi oyilo wake wakale."

A Binti, mwa chisangalalo, anakauza Dorica kuti amuna ake ndi achimwene ake agwirizana, apatsana mpaka chitsulo chaulere. Loweruka kunabwera foni yoti amayi awo adwalika kwa Mposa, Latifu ali ku Balaka kosaka zitsulo. Dorica anati minibasi ndinaletsedwa, koma iyi ndi galimoto ya achimwene. Anakwera kutsogolo.

Atadutsa Liwonde, pachitunda pamene magalimoto onse amalira ndi kulemedwa, pikapu ija inayamba kuthamanga yokha. Amosi anaponda buleki, osamva. Iye anatulukamo wopanda mwendo umodzi. Dorica sanatulukemo wamoyo.

Tsiku lotsatira, anthu ali kumanda, mwamuna wa malemu sanaoneke. Anali pachiphapha paja ndi sipanala. Anamasula mabawuti atatu, kenako anaona chitenje cha Dorica chitapanikizika pachitseko. Manja anakana. Anayesa ndi lamanzere, linakananso. Anakhala pomwepo akuliyang'ana dzuwa mpaka linalowa.

Lero mukaima pa Ulongwe mumuona, wopanda nsapato, atagwira makutu. Minibasi ikaima amathamangira, kuika khutu pa boneti, n'kuyamba kukuwa kuti, "Tsikani! Iyi ndi yanga, tsikani!" Makondakitala amamuponyera chitsononkho. Amosi amakhala tsidya linalo ndi ndodo zake, ndipo analumbira kuti ngakhale madzi akumwa sadzam'patsa.

Munthu wofuna kulemera msanga kuti mnzake agwade amavomera kuti afe ena, poganiza kuti enawo ndi achilendo. Dyera silisankha wachilendo. Amene wasowa cha m'katoni amange ndi chakale chotsuka, auze mwini galimoto zoona, adye zochepa zakezo.

Latifu anamanga injini zisanu ndi zitatu, ya Amosi ndi yachisanu ndi chinayi. Zinayi zinatenga kale. Zisanu sizinatengebe munthu, ndipo zinagulitsidwa kangapo, Latifu yemwe sazizindikiranso. Zikuyenda.