Njira ya Tiakamba

Keziah ankakhala pa chilumba cha Barbados. Ankafuna kuona tiana ta kamba wa m'nyanja. Mazira a kamba anali mumchenga, pafupi ndi kwawo.

Keziah anadikira. Anadikira, anadikira.

Kenako mafunde anabweretsa ndere. Ndere zofiirira, zambirimbiri. Zinaunjikana pagombe mpaka m'chiuno mwa Keziah. Zinkanunkha ngati mazira owola. Ngakhale boti la abambo ake linasowa podutsa.

M'mawa wina, mchenga unagwedezeka. Kamutu kanatuluka. Kenako kena. Kenako kenanso.

Tiakamba tinathamangira kunyanja. Koma ndere zinatseka njira. Tinakwera, tinagwa. Tinakweranso, tinagwanso. Dzuwa linayamba kuswa mtengo. Tiakamba tikanafera pomwepo.

Keziah anachita mantha. Anathamanga kukatenga ndowa. Ankafuna kutinyamula mpaka kumadzi. Koma abambo ake, a Anselm, anamugwira dzanja.

"Usatinyamule, mwanangu. Kamba amayenda yekha pamchenga. Akatero, saiwala kwawo."

"Ndiye titani, ababa?"

"Titsegule njira."

Abambo anatenga fosholo. Rawle, mchimwene wake wa Keziah, anabwera ndi wilibala. Ankadandaula za fungo. Keziah anamuuza kuti vuto ndi chimphuno chakecho. Rawle anaseka, n'kuyamba kukankha.

Anafosholera, anakankha. Anafosholera, anakankha. Mchenga woyera unaoneka. Njira inafika kumadzi.

Tiakamba tinadutsa. Tswa, tswa, tswa, timiyendo pamchenga. Tonse tinalowa m'madzi.

Tonse, kupatula kamodzi. Kanali kakang'ono. Kanali katatopa. Kanaima pakati pa njira, padzuwa.

Manja a Keziah ankayabwa. Ankafunitsitsa kukanyamula. Koma anaika manja kumbuyo. Anaima pafupi nako. Mthunzi wake unakaphimba.

"Tiye, mnzanga," ananong'ona. "Pang'onopang'ono."

Kakamba kanasuntha. Keziah anasuntha. Kanaima, iye anaima. Kanasunthanso, iye anasunthanso. Funde linabwera, linakatenga.

Keziah anasangalala. Koma misozi inalengeza m'maso. Anafunsa ngati kadzabwerenso. Abambo anati kadzabwera Keziah atakula ngati amayi ake.

"Kadzandikumbukira?"

"Iwe ayi, mwanangu. Koma mchenga uno kadzaukumbukira."

Keziah anaganiza pang'ono. Anapukuta misozi. Analowetsa dzanja lake m'dzanja la abambo.

"Palibe kanthu," anatero. "Ine ndidzakakumbukira. Kadzandipeza pompano."