Wogogoda Mitengo ya Magetsi

Chaka chimene boma linkasamuka ku Zomba, amagetsi onse anathamangitsidwa kukakoka mawaya ku City Centre ndi ku Area 9, kumene mabwana ankadikira nyumba zowala. Mitengo yakale ya ku Old Town anaisiyira chiswe. Lamulo la ntchito aliyense ankalidziwa: usanakwere, gogoda mtengo patsinde ndi hamala. Wolimba umayankha kuti ngo! Wodyeka mkati umangoti bu. Koma kapitawo akamaloza wotchi, ndani angaime kumvetsera mtengo?

Lawford, mnzake wa Zikhale pa ntchito ya magetsiyi, anakwera osagogoda kamodzi kokha. Anamuika m'manda Loweruka.

Chichokereni kumaliroko, Zikhale anangouma mtima. Misozi ayi, mkwiyo ayi. Tiyi ndi madzi kwa iye zinali chimodzimodzi. Hamala yake anaisiya kunyumba, mkazi wake Evelesi n'kumaphwanyira makala. Ankangokwera, mtengo ugwe kaya usagwe.

Tsiku lina mvula itakata, magetsi anazima ku Area 1, ndipo kapitawo anatuma Zikhale yekha. Mdima unali utangogwa, ogulitsa akulongedza katundu. Anakwera mtengo wa kuseri kwa msika, nadzimanga lamba, tochi ili kukamwa.

Ngo. Ngo.

Zinachokera kutali, chakumlatho. Zikhale anapitiriza kumanga waya.

Ngo. Ngo. Tsopano pafupiko. Wina ankayenda ndi mzere wa mitengo, kugogoda uliwonse kawiri, kuima, n'kupita pa wina. Mapazi ake sankamveka, chonsecho pansi panali matope okhaokha. Agalu a kumsika, aja osatopa kuuwa, anangoti zii.

Kenaka mtengo wake unanjenjemera m'ntchafu mwake.

Bu. Bu.

Tochi inazima.

"Achimwene, tsikani."

Mawuwo ankawadziwa. Anali a Lawford. Mantha sanabwere, ndipo ngakhale zimenezo sizinamudabwitse.

"Ndatsala pang'ono kumaliza," anayankha.

"Tsikani. Uwu unatha kale."

Thupi lokha ndilo linamvera. Anamasula lamba, natsika pang'onopang'ono mpaka anaponda matope. Patsogolo pake panaima munthu wovala ovololo, nkhope yosaoneka, akununkha dothi lonyowa. Munthuyo anatukula hamala, naigunditsa pachifuwa pa Zikhale kawiri, mofatsa ndithu. Anaweramitsa mutu, namvetsera. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka osanena kanthu.

Ngo. Ngo. Mpaka zinazilala chaku Area 2.

Kutacha, anthu anaupeza mtengo uja utagona mopingasa msewu, mawaya ali mbwee. Mkati munalibe thabwa, linali dothi la chiswe lokhalokha. Naphiri wa zitumbuwa ankanong'oneza aliyense wogula kuti kugogodako anayamba kukumva Loweruka lomwe lija. Munthu akafa ntchito ili m'manja, ankatero, sagona mpaka aimalize.

Zikhale sanapite kukaona. Evelesi anamupeza pakhonde, ovololo yamatope ikadali m'thupi, maso ali pa mpanda.

"Kodi bambo, chibwerereni dzanja lili pachifuwa. Mukumva kupweteka?"

Anapukusa mutu.

"Nanga n'chiyani?"



"Za mtengo anandiuza," anatero Zikhale. "Koma ine wangondimvetsera n'kumapita. Sananene kuti ndamveka bwanji."