Enifa ndi Ndowa ya Ester

Enifa anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kwawo kunali ku Senga Bay. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kusewera ndi msuweni wake, Ester.

Loweruka, pa 14 Okutobala, bambo ake anamuperekeza kwa azakhali ake, mayi a Ester. Anakwera minibasi. Kenako anakwera kabaza. Enifa anali woti akakhale masiku atatu okha.

Mudzi wa azakhali unali waung'ono. Unali ndi nyumba zisanu ndi zinayi. Kum'mawa kunali phiri. Kumadzulo kunali phiri. Kwina konseko kunali tchire louma.

Bambo anatsanzika n'kubwerera. Enifa anatsala pakhonde. Miyendo ili fumbi lokhalokha. Nkhope ili fumbi lokhalokha. Pafupi naye panali ndowa yodzaza madzi.

Kwawo kwa Enifa madzi sasowa. Nyanja ili pakhomo. Choncho iye sanafunse munthu. Anasukusula. Anasamba miyendo. Anatsuka masilipasi. Madzi otsala anawataya pansi. Khuthu!

Ester anatulukira kuseri kwa nyumba. Anayang'ana ndowa. Anayang'ana matope.

"Iwe! Madzi anga!" anakuwa Ester.

"Tikatunga ena," anatero Enifa.

"Kuti? Ukuyionapo nyanja pano?"

Azakhali anabwera. Sanakalipe.

"Mwana wa achimwene," anatero azakhali, "mjigo wathu unafa mu Ogasiti. Ester wayendera madziwa maola atatu. Madzi anali omwewa basi."

Tsiku limenelo sanaphike ndiwo. Anangotafuna chimanga chokazinga. Kukhosi kunauma gwa. Mbuzi inalira ndi ludzu m'khola.

"Ester, tisewere?" anafunsa Enifa.

Ester anali chete.

"Ester, ndakutengera usipa."

Ester anali chete.

Enifa anakakhala kuseri kwa nkhokwe. Analira. Analira mpaka maso anatupa. Tsiku limodzi linali litatha. Anatsala awiri.

Lamlungu m'mamawa, Ester anatenga ndowa yake. Enifa anatenga ndowa yaing'ono.

"Ndipite nawe?" anafunsa Enifa.

Ester anangouyamba ulendo. Enifa anangomutsatira.

Anakwera phiri. Anatsika phiri. Minga inamubaya Enifa kuphazi. Ester sanacheuke.

Anafika kumtsinje. Mtsinjewo unali wouma. Munali mchenga wokhawokha. Pakati pa mchenga panali dzenje. Pansi pa dzenje panali timadzi.

Anatunga ndi kapu. Kapu imodzi, n'kudikira. Kapu ina, n'kudikiranso. Ndowa ziwiri zinawatengera ola lathunthu.

Enifa anasenza ndowa yake. Inali yolemera. Anaponda kamodzi, madzi anatayika. Anapondanso, madzi anatayikanso. Anamunyowetsa kumsana. Anamunyowetsa kumaso.

Pakati pa phiri, Enifa anatula ndowa. Anasuzumiramo. Madzi anali atatsala theka. Iye anakhala pamwala.

"Sindingathe," analira Enifa. "Dzulo ndinataya madzi. Lero ndikutayanso madzi. Bola ndizipita kwathu."

Ester anaima. Kenako anatula ndowa yake.

"Ana a kunyanja inu!" anatero Ester. "Kusambira ngati chambo. Kusenza ngati nkhuku."

Enifa anapukuta misozi. Ester walankhula!

Ester anavula kansalu kake. Anakapinda n'kupanga nkhata. Anaiyika pamutu pa Enifa. Kenako anathyola kanthambi ka masamba. Anakaponya m'ndowa.

"Masambawo ndi a chiyani?" anafunsa Enifa.

"Amagwira madzi. Dzuka. Khosi chilili. Usayang'ane pansi."

Enifa anasenza. Anaponda kamodzi. Madzi sanatayike. Anapondanso. Madzi sanatayike. Khosi linkawawa. Phazi linkawawa. Koma iye sanaime.

Anafika kunyumba nthawi ya naini koloko. Azakhali anamutula Enifa ndowa. Anatunga kapu imodzi. Anamwa yonse.

"Koma ndiye ozizira bwino!" anatero azakhali. "Watunga ndani madzi okoma chonchi?"

"Ndi chambo chathuchi," anatero Ester.

Azakhali anaseka. Enifa nayenso anaseka.

Azakhali anawiritsa tiyi. Mbuzi nayo inamwa madzi. Ester anakhala pamphasa. Anasendera kumbali pang'ono.

"Bwera, msuweni," anatero Ester. "Khala apa pafupi nane."