Bedi Lomwe Linadikira Mlendo

Lachinayi m'mawa, Lonjezo akutsuka mbale pakhonde, anamva bambo ake akugulitsa bedi.

"Mubwere mawa ndi anyamata anu mudzanyamule, a Mohamed," anatero a Onesimo, maso ali pa thabwa lomwe ankapala.

A Mohamed, omwe anali ndi golosale kumsika wa Bangwe, anadabwa. "Si lija munandikaniza mwezi watha? Munati mukupangira m'bale wanu."

"Ndilibe m'bale wogona pa bedi la ku Bangwe ine. Abale anga amagona ku hotela."

Mbale inapulumuka m'manja mwa Lonjezo n'kugwera m'beseni. Palibe anacheuka, koma iye anamva ngati Bangwe yense wamuyang'ana, pakuti ndi iye yekha amene ankadziwa chomwe chinautsa mkangano umenewu.

A Onesimo anali kalipentala. Anachoka kwawo ku Mutarara, tsidya la Mozambiki, ali mnyamata, n'kusiya mng'ono wawo Gregorio ndi mayi awo. Kenako nkhondo inatseka njira, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinadutsa popanda ndi moni yemwe. Mu 1995, misewu itatseguka, dalaivala wina wa lole anabwera ndi kalata. A Gregorio anali moyo, ankakhala ku Beira, anali ndi malole awo awiri, ndipo ankafuna kudzaona achimwene awo. Mayi awo okha ndiwo anali atamwalira nkhondo ili mkati.

M'kalatamo munali chithunzi. Mwana wa a Gregorio, Evelina, anaima pafupi ndi galimoto, kumbuyo kwake kuli nyumba ya mawindo akuluakulu. Lonjezo anachiyang'ana chithunzicho mpaka kuchiloweza. Kenako anayang'ana kwawo: zipinda ziwiri, malata opsinjidwa ndi miyala, ndi bafa ya masaka yomwe mphepo ikawomba inkaulula miyendo ya wosamba. Manyazi anamugwira.

Makalata onse a pakhomopo ankalemba ndi iye, poti anali Fomu 2. Bambo ake sukulu anangoinunkhiza. Maso awo ankawerenga tepi yoyezera matabwa basi. Ankanena mawu uku akucheka, Lonjezo n'kumalemba, akamaliza n'kumata envulopu. Sanayambe amuuzapo kuti awerenge zomwe walemba. Akanakayikiranji mwana wawo?

"Ubwere, mphwanga," ananena a Onesimo poyankha kalata ija. "Nyumba yanga ndi nyumba yako."

Lonjezo analemba zimenezo. Ndiyeno mmunsi mwake anawonjezera mizere iwiri yakeyake: "Koma kuno n'kothina, malo ogona alendo palibe. Ufikire ku hotela ya m'tauni, uzingobwera masana." Ankaganiza kuti wathandiza aliyense. Nzeru za Fomu 2 nthawi zina zimakhala choncho.

Chomwe sanachiganizire ndi ichi: kwa anthu a kwawoko, m'bale akabwera amagona m'nyumba mwako, ithine bwanji. Eni nyumba ndiwo amatsikira pamkeka. M'bale akakagona kwina ndiye kuti pali chakukhosi. N'chifukwa chake a Onesimo anatha masabata atatu akupanga bedi la mlombwa, n'kulipaka vanishi mpaka munthu kumadzionera nkhope.

Alendo anafika Lolemba. Abale awiriwo anakumbatirana n'kulira ngati ana, nkhuku inaphedwa, anansi anadzaza pabwalo. Koma dzuwa litapendeka, a Gregorio anaimirira n'kunena motsitsa mawu kuti akupita kukagona ku hotela. Anaima pang'ono ngati akudikira kuti wina awaletse. A Onesimo anangonena kuti, "Muyende bwino." Lachiwiri alendo anabweranso, koma macheza anali ozizira ngati phala la dzulo. Potsanzika, a Gregorio anati asintha maganizo, sakhalanso sabata ziwiri, anyamuka Lachisanu m'mamawa. Lachitatu sanaoneke n'komwe.

A Mohamed atachoka, mayi ake a Lonjezo, a Petronela, anatuluka ndi tiyi n'kumuika pa benchi. Tiyiyo anazizira pomwepo.

"Bambo a Lonjezo, pitani mukangomufunsa mng'ono wanuyo," anatero. "Mlendo ndi mame. Akapita mawa, mudzamuonanso liti?"

"Ndikamufunse chiyani? Ndinamuitana m'nyumba mwanga, iye wasankha magetsi ndi madzi otentha. Ndikamugwadire? Zaka zonse zija ndimakhala wopanda mng'ono, sindinafe."

Atatero, anapala thabwa lija mwamphamvu mpaka linang'aluka. Lonjezo anali asanaonepo bambo ake akuwononga thabwa. Kwa masiku atatu ankadziuza kuti zikonzeka zokha, koma tsopano tsiku linali litatsala limodzi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Anauza mayi ake kuti akupita kwa mnzake kukabwereka buku, lomwe linali bodza lachiwiri, n'kuthamangira pasiteji. Minibasi inachedwa kudzaza. Ku Limbe anasintha n'kukwera ina, ndipo njira yonse ankayeseza mawu oti akanene, koma onse ankamuthawa.

Pageti la hotela mlonda anayang'ana patapata wake kaye, kenako nkhope.

"Ukufuna ndani, mtsikana?"

"Bambo anga aang'ono. A Gregorio, ochokera ku Beira."

"Aliyense amatero," anatero mlondayo akumwetulira. "Nambala ya chipinda?"

Lonjezo nambalayo sankaidziwa. Mwamwayi Evelina, yemwe anakhala pafupi ndi dziwe losambira akumwa fanta, anamuona n'kubwera akuthamanga. Atsikana awiriwa ankamvana m'Chisena, chilankhulo chomwe makolo a Lonjezo ankalankhula m'nyumba.

"Wabwera kudzaona kuno? Tiye ukaone!" anatero Evelina akumukoka dzanja. "Ukadina batani, chikepe chimakukweza chokha. Ukakweza foni, chakudya chimabwera kuchipinda. Ine ndiye ndikanakhala mwezi wathunthu. Munthu ukapita kunja uzigona pabwino, si choncho? Koma ababa ayi, angokhala ndwii. Akuti muno mukununkha mankhwala ngati m'chipatala."

Anawapeza a Gregorio atakhala m'mphepete mwa bedi lalikulu, masutikesi awiri ali chotsekera pafupi ndi chitseko. Maso awo anali ofiira. Atamuona Lonjezo anadzuka msanga.

"Akutuma achimwene?"

Chiyembekezo chomwe chinali m'mawu amenewo chinamulasa Lonjezo mumtima. Anagwada pa kapeti.

"Ayi, ababa aang'ono. Ndabwera ndekha. Kalata ija muli nayo?"

A Gregorio anaitulutsa m'thumba la malaya. Inali itatha m'mapindo chifukwa chotsegulidwatsegulidwa.

"Mizere iwiri yomaliza," anatero Lonjezo, "sananene ndi ababa. Ndinawonjezera ndine. Iwo sakudziwa."

Evelina anaika botolo lake pansi.

"Bwereza," anatero a Gregorio.

"Ndinaona chithunzi cha nyumba yanu. Ndinkaopa kuti mukaona kwathu mutiseka. Ababa anakupangirani bedi, masabata atatu. Mawa akuligulitsa."

A Gregorio anakhala pansi. Anagwira kumaso nthawi yaitali, ndipo atalankhula sanakuwe, zomwe zinamuopsa Lonjezo kuposa kukuwa.

"Mwana iwe, ukudziwa komwe ndagonapo ine? Ndagonapo m'tchire mvula ikugwa. Ndagonapo m'paipi ya pansi pa msewu, mfuti zikulira pamwamba. Malole aja ndisanagule, ndagona pansi pa malole a eni ake zaka zisanu. Ndiye ine ndikaope bafa ya masaka?" Anakweza kalata ija. "Nditawerenga izi ndinati achimwene sanandikhululukire. Amayi ndinawaika m'manda ndekha, iwo osadziwa. Ndinati mwina akuti ndinalephera kuwasamala, n'chifukwa chake sakufuna kuti ndigone pansi pa denga lawo. Masiku atatu ano tulo sindinatione."

Lonjezo misozi inali mbwembwembwe. "Pepani. Mukawauze kuti..."

"Ine sindikanena kanthu. Unalemba wekha, ukanenanso wekha." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Evelina, tenga chikwama chako."

"Ababa, lero lokha tigone konkuno! Mawa ulendo ndi wautali, kuja kulibe ngakhale magetsi."

"Kuli achimwene anga," anayankha, n'kunyamula masutikesi onse awiri.

Galimoto ya a Gregorio inafika ku Bangwe dzuwa litayamba kupendeka. Msewu wa fumbi unathera pa mjigo, choncho anatsika n'kuyenda pansi, ana a m'deralo akuwatsatira. Anakhota pa mpanda wa mnansi wa a Onesimo n'kufika pakhomo. Bedi lija linali kale panja, litamasulidwa. Matabwa ake anawayedzamitsa kukhoma, ndipo a Onesimo anali atagwada ndi sipanala m'manja, akutolera mabawuti m'chitini.

Anayang'ana masutikesi, kenako mng'ono wawo. "Mwabwera kudzatsanzika? Zikomo, mwatilemekeza."

A Gregorio anapereka kalata ija kwa Lonjezo. A Petronela anatuluka akupukuta manja pa chitenje, ndipo amayi awiri oyandikana nawo anasiya kupeta n'kusendera kumpanda.

"Ababa," anatero Lonjezo, "ndikufuna ndikuwerengereni kalata yomwe munandilembetsa."

Anawerenga moni, anawerenga za amayi ndi za ntchito. Anawerenga kuti, "Nyumba yanga ndi nyumba yako," ndipo bambo ake anagwedeza mutu ngati akuti, mwamva? Kenako Lonjezo anawerenga mizere iwiri ija mpaka kumapeto.

"Amenewo ndi mawu a ndani?" anafunsa a Onesimo.

"Anga, ababa."

"Mayo ine!" anafuula a Petronela, atagwira pakamwa.

A Onesimo anaimirira pang'onopang'ono, sipanala ikadali m'manja. Lonjezo anatseka maso kudikira khofi. Khofi silinabwere.

"Nyumba ino imakuchititsa manyazi?"

Akanatha kunamanso, koma mabodza anali atamukwana. "Inkandichititsa, ababa."

A Onesimo anayang'ana malata aja ndi miyala yake, ngati akuwaona koyamba. "Njerwa zake ndinaumba ndi mayi akowa, iwe uli kumsana," anatero. Anatembenukira kwa mng'ono wawo, ndipo abale awiriwo anayang'anana.

"Ndimayesa mwandikana chifukwa cha amayi, achimwene," anatero a Gregorio.

"Chitsiru iwe. Unawasunga pomwe ine kunalibe, ndikukanirenji?" A Onesimo anapukuta m'maso ndi mkono, n'kumuponyera sipanala. "Vula jekete. Gwira uku."

Analilowetsa m'nyumba thabwa limodzilimodzi n'kulimanganso, akukangana kuti bawuti iti ilowa pati. A Petronela atafunsa za a Mohamed, a Onesimo anati awapangira lina. A Gregorio anavula nsapato, anadziponya pa bedilo chagada, n'kupuma mpweya waukulu ngati munthu amene watula katundu.

Evelina anagona pamkeka ndi Lonjezo. Anadandaula za udzudzu, za pansi kuuma, ndipo m'mawa ananena poyera kuti iye hotela ndi imene akuikondabe. Bambo ake anamuseka, nati aliyense ndi mtima wake. Koma ulendo sunasinthike, pakuti a Gregorio anali atatumiza kale uthenga ku Beira woti malole awadikire Loweruka. Pa sabata ziwiri zomwe abale aja akanakhala limodzi, anapeza usiku umodzi wokha. Lonjezo anaima pa mjigo akuyang'ana fumbi la galimoto, akudziwa bwino lomwe kuti masiku enawo anadya ndi ndani.

Patapita mwezi, a Onesimo anamuitana ku benchi yawo. "Tenga pepala. Tilembere ku Beira."

Lonjezo anasangalala kuti amuitananso. Analemba mosamala mawu aliwonse, ndipo atamaliza anapinda pepalalo n'kutenga envulopu monga mwa masiku onse. Dzanja la bambo ake, lokhakhala ndi utuchi, linagwira lake mofatsa.

"Usamate kaye, mwana wanga," anatero, osamuyang'ana. "Undiwerengere. Mzere uliwonse."