Dzina la Vanda m'Zilembo Zofiira

Ndani ankalemba dzina la mwana wa Ernesto m'zilembo zofiira anthu onse ali m'tulo? Ku Domwe panalibe amene anatha kuyankha.

Ernesto ankakonza pulogalama ya pakomputadori yothandiza alimi a mbatata, ndipo anailembera timayeso toona ngati mbali iliyonse ikugwira bwino. Timayesoto tinkayenda tokha usiku, komputadori ikulandira redi, kapena kuti netiweki, kudzera pa telefoni imene inkakhala pa zenera pomwe rediyo imafika. Kamodzi mwa ito anakatcha Vanda, dzina la khanda lawo, chifukwa cha chikondi basi.

Sabata imene Vanda anayamba kutsokomola, komputadori inayamba kulira mumdima, kulira kwakufupi ngati kwa mwanapiye. Kukacha, pagalasi pake pamakhala mawu awiri okha ofiira: "Vanda: walephera." Walephera chiyani, sinkanena. Masana Ernesto akayendetsa timayesoto, tonse tinkadutsa.

Usiku wotsatira chimodzimodzi. Mphepo ya m'mapiri inkagwedeza malata, mwana akupuma movutikira, kenako kulira kuja. Ernesto ankadzuka m'mawa n'kuyamba waika khutu pa chifuwa cha mwana asanayang'ane galasi. Mayi Domingas, oyandikana nawo, anamva nkhaniyi ndipo inafika mpaka ku msika: ena ankati makinawo aona zimene anamwino sanaone.

"Bambo a Vanda, chizimitseni chinthuchi," ananong'ona Augusta, mkazi wake. "Chikumuitana mwanayu."

"Ndikachizimitsa sindidzadziwa chimene chikuona," anayankha Ernesto.

Tsiku limenelo sanapite kumunda. Kayeso ka Vanda kankaona zinthu zambiri nthawi imodzi, choncho anakagawa kuti kalikonse kaone chinthu chimodzi, ndipo kakalephera kanene chimene kamayembekezera ndi chimene kapeza.

Usiku komputadori inaliranso. Mbandakucha anaisendera pang'onopang'ono, nawerenga: "Ndimayembekezera mitengo ya mbatata kudzera pa redi. Telefoni sindinaipeze."

Anayang'ana pa zenera. Telefoni inali pomwepo, koma chagada, osati mmene anaisiyira.

"Mayi a Vanda, telefoniyi imayenda yokha usiku?"

Augusta anaweramitsa mutu. "Ndimaitenga ndine. Ndimaunikira pachifuwa pake kuti ndione ngati akupuma. Ndimaibweza musanadzuke, poopa kuti mungati ndine wamantha."

Ku chipinda redi sifika. Ernesto anakhala pansi pa mphasa n'kuseka mpaka misozi, kenako anaulula kuti nayenso ankangonamizira kugona, akuwerenga mpweya wa mwana yemweyo nkhope ili kukhoma.

"Ndiye mfiti yake ndi ine?" anafunsa Augusta.

"Mfiti zake ndife tonse awiri."

Anagula tochi ku Kalomwe, kayeso kaja anakasintha dzina n'kukapatsa mitengo yongopeka kuti kasadalirenso redi. Chifuwa cha Vanda chinapola ndi mankhwala a kuchipatala.

Inu amene mumalemba timayeso totere, chonde, phunzitsani timayesoto kunena bwinobwino chimene chalakwika. Pali makolo ena amene amawerenga uthengawo asanagone tulo.