Chingwe cha Foni ya ku Madisi

Lenia anamuona koyamba pa siteji ya Madisi, m'mawa wina wa chilimwe cha 2003. Mnyamatayo anatsika minibasi atapana chikwama m'khwapa, malaya ake oyera atafiira ndi fumbi.

"Zikomo achemwali, ofesi ya bungwe la alimi ili kuti?"

"Tiyeni, ndimagwira ntchito komweko. Ndinu a makompyuta aja?"

"Ndine Nedson. Ndipo ngati ondilondolera ndinu, njira italike bwanji sindidandaula."

Ha, pakamwa pa anyamata a ku Lilongwe! Lenia anaseka n'kuyang'ana kumbali.

Koma Nedson sanali wa pakamwa pokha ayi. Likulu la bungwelo linamutuma kukonza makompyuta a maofesi a ku Dowa ndi ku Ntchisi, kuti aziwagwiritsa ntchito ali ku Lilongwe komweko kudzera pa chingwe cha foni. Ntchitoyo ankaidziwa mwana wa eni ake! Akatsegula kompyuta, zala zake zinkayenda mofatsa ngati za mayi wosankha mpunga. Lenia, kalaliki wa ofesiyo, ankangoti kukamwa yasa.

"Ndikamaliza," anatero Nedson, "kompyuta yanuyi ndiziiona ngati ndakhala pampando wanuwo. Kamuvi ka pakompyutapo kaziyenda kokha. Musadzathawe kuti ndi ufiti."

Ntchitoyo inamubweretsa kangapo, ndipo "achemwali" uja anasanduka "duwa langa". Masana ankadyera chipisi mbale imodzi. Madzulo Lenia ankamuperekeza ku siteji, akupemphera chamumtima kuti minibasi ichedwe.

"Duwa langa, ine kwina sindiyang'ananso," Nedson ankatero. "Mtima wanga watsakamira ku Madisi."

Tsiku lomaliza anamulangiza bwinobwino. "Foni ya ofesi ino ndi imodzi. Ndiye Lachitatu lililonse masana uzizula chingwe ku foni n'kuchilowetsa kuseri kwa kompyuta. Kompyutayo usazimitse. Kwinako n'kwanga."

"Nanga iwe uzibwera liti?"

"Zikayenda bwino, palibenso chobwerera. Cholinga chake n'chomwecho!"

Anayankhula monyadira, osadziwa kuti wabaya munthu. Lenia mtima unamuwawa. Kodi chikondi chingayende pa chingwe? Kodi ku Lilongwe kulibe atsikana odzola bwino?

Lachitatu litafika, chingwe chinakhala ku foni komweko. Mawa lake Nedson uyu, thukuta lili kamukamu, kudzafufuza vuto. Sabata yotsatira Lenia anazimitsa kompyuta n'kuiphimba ndi nsalu.

"Kusukulu ya taipi anatiphunzitsa choncho," anauza Nedson atabweranso, nkhope ili gwa. "Ndinaiwala."

Nedson anangoseka n'kumutsina tsaya. Lenia anaona ngati wapeza mankhwala a chikondi, moti sabata inayo chingwe sanachikhudzenso.

Ulendo umenewu Nedson anabwera wopanda nthabwala. Anakhala pampando n'kugwira mutu.

"Ku Ntchisi zikuyenda, ku Mvera zikuyenda, kuno kokha ayi. Abwana akuti ntchito yanga ndi yachinyengo. Lachitatu zikakanikanso, andichotsa. Ndalakwitsa pati ine, Lenia?"

Lenia misozi inalengeza. "Sunalakwitse paliponse. Ndine. Chingwe sindinkalowetsa dala, kuti uzibwera."

"Ati chiyani?"

"Ndimaopa kukutaya, wapamtima."

"Ine kumadziyesa mbuli pamaso pa abwana, kani ndiwe? Iwe amene ndimakukhulupirira?"

Ananyamula chikwama osatsanzika. Lenia anamutsatira mpaka pakhomo, koma Nedson sanacheuke. Sabata imeneyo chakudya sichinkamezeka. Foni ikalira ankaithamangira, koma ankangokhala alimi ofunsa za feteleza.

Lachitatu masana anaima ndi chingwe m'manja. Akachilowetsa, Nedson sadzapondanso ku Madisi. Akapanda kutero, ntchito ya Nedson yatha. Anapukuta misozi, nachikankhira kuseri kwa kompyuta mpaka chinati tswa.

Posakhalitsa kabokosi kolumikizira kompyutayo kanayamba kulira ngati nkhululu. Kenako, taonani, kamuvi kanagwedezeka! Kanayenda kokha, kutsegula apa, kutseka apo, mofatsa momwe muja zinkachitira zala za mwini wake. Lenia anagwira pakamwa. Munthu ali ku Lilongwe, koma akugwira ntchito patebulo la ku Madisi! Ankalira, komabe ankanyadira. Mwamuna wanzeru chonchi, iye n'kufuna kumugwetsa?

Kamuvi kanaima. Kenako kanatsegula tsamba loyera, ndipo mawu anayamba kudzilemba okha.

"Abwana aona. Ntchito yanga yapulumuka. Zikomo."

Lenia anakokera mpando pafupi n'kulemba pansi pake: "Pepa, Nedson. Ndikudziwa kuti sindidzakuonanso."

Anayang'anitsitsa tsambalo.

"Ndinakwiya zedi," mawu anabweranso. "Unandipweteka. Koma ndagona nazo, ndaona kuti palibe anandifunapo chonchi. Maulendo a ofesi atha, duwa langa. Loweruka ndikubwera ulendo wanga, ndi amalume anga. Uwauze amalume ako atidikire. Ukuvomera?"

"Mayi ine!" Lenia anakuwa, mpaka mlimi wina amene ankadikira pakhonde anasuzumira pazenera.

"Kwagwanji, achemwali?"

Lenia sanamumve n'komwe. Mtsikana amene masiku onse ankataipa osayang'ana zala anawerama n'kuyamba kufufuza zilembo chimodzichimodzi ngati wophunzira kumene, mpaka analemba kuti: "Eya!"