Chisa Chakhumi

Chimene chinamudabwitsa Rutaro m'mawa umenewo sichinali chachikulu ayi: anawerenga zisa n'kupeza kuti chimodzi chilibe mwini wake.

Ntchito yake inali imeneyo. Alendo asanatuluke n'komwe m'mahema awo kumunsi, iye ndi mnzake Tindi ankakhala atakwera kale phiri, mame atawanyowetsa mpaka m'chiuno, kulondola pamene banja la agorila lagona. Gorila sagona pomwe anagona dzulo. Dzuwa likapendeka amapinda nthambi n'kudziyalira chisa chatsopano, ndipo akamachoka m'mawa amasiyamo ubweya ndi ndowe. Wolondola akawerenga zisa amadziwa ngati onse ali moyo, kenako amaitana pa wailesi ya ovaova kuti alendo auyambe ulendo wokwera. Banja la Rubale, chimphongo cha msana wa imvi, linali ndi akuluakulu asanu ndi anayi, poti tiana timagona ndi amayi awo. Koma zisa zinali khumi.

Chakhumicho chinali pambali penipeni pa chisa cha Rubale, poti munthu atagonamo akhoza kutambasula dzanja n'kumukhudza. Munalibe ubweya, munalibe ndowe. Koma masamba anali ophwathalala. China chake chinagonamo.

"Mwina mkuluyu wakwatiranso usiku," anatero Tindi.

"Mkazi wanji wosasiya ndowe?"

"Wa m'tauni, amwene. Waukhondo."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwawo sikunapite patali. Mawa lake banjalo linasamukira kutsidya kwa chigwa, ndipo chisa chakhumi chinasamuka nawo. Mkuja wake chimodzimodzi.

Nkhani yotere sigona m'thengo. Pachipata cha nkhalango, pamene onyamula katundu amadikirira zikwama za alendo akumwa thobwa la mapira, aliyense anali ndi yankho lake. Ena amati ndi chimphongo chachilendo chimene chikuzembera akazi a Rubale. Ena, motsitsa mawu, amati ndi mzimu wa bambo wake wa Rubale amene anafera pamsampha kalekale. Mayi wina wogulitsa madengu analumbira kuti achimpanzi a m'chigwa chakumunsi ayamba kukuwa pakati pa usiku, ndipo chimpanzi sakuwa usiku popanda chimene chadutsa pansi pa mtengo wake.

Kenako kamwana kamodzi ka gorila kanayamba kutsokomola.

Dokotala wa zinyama, mayi wamfupi wosadziwa kuseka, anakwera phiri, anakayang'anitsitsa kamwanako chapatali, n'kusonkhanitsa olondola onse. "Chifuwa ichi n'cha munthu," anatero. "Alipo amene akuwayandikira." Palibe amene anafunika kuuzidwa tanthauzo lake. Wachimfine sakwera phiri, ngakhale mlendo amene wawoloka nyanja ndi ndalama zake amabwezedwa pachipata. Chimfine chimene munthu amangomina n'kuiwala, gorila chimamugoneka. "Banja ili likatha, alendo asiya kubwera, ndipo nonsenu mukadya majombo anuwo. Amene akuchita zimenezi ndikamupeza akalowa m'ndende, kaya ndi agogo anga."

Maganizo a Rutaro anathamangira kunyumba kwake, kumene kunali chifuwa chimene ankachidziwa bwino.

Bambo ake, a Bariyanga, ndiwo anazoloweretsa banja limeneli anthu. Ali mnyamata ankakhala m'zitsamba zoyabwa tsiku ndi tsiku, akunamizira kutafuna masamba, mpaka agorila anasiya kuwathawa. Rubaleyo iwo anamuona tsiku limene anabadwa. Ndiwonso anaphunzitsa olondola onse kubuula kwapansipansi kuja, mm-mmm, kumene agorila amauzana nako kuti kuli mtendere. Koma chifuwa chitawagwira n'kukana kuchoka, lamulo lomwe ankalilalikira okha linawatsitsa m'phiri. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde la kanyumba kawo kuseri kwa nyumba ya Rutaro, kaliwo kukamwa, maso kuphiri. Mutu nawo unali utayamba kutayikatayika. Dzina la mdzukulu wawo Kemi ankaliiwala, koma la gorila aliyense ayi.

Madzulo amenewo mkazi wa Rutaro, Kyarisiima, akusenda kachewere, anayankhula osakweza mutu.

"Bambo a Kemi, majombo a apongozi mwawaona?"

"Atani?"

"M'mawa uliwonse ndimawapeza onyowa. Matope ake si ofiira a kumunda kwathu. Ndi akuda."

"Iwe, munthu wolephera kufika kutchalitchi angakwere phiri usiku?"

"Ine ndangonena za majombo."

Rutaro anadzilimbitsa mtima ndi chinthu chimodzi. Munthu akafuna pogona m'thengo amadula ndi chikwanje. Nthambi za m'chisa chija sizinali zodulidwa. Zinali zopindidwa, zina zonenepa ngati mkono, ntchito imene ngakhale iye mwini sakanaitha. Nkhalamba yopuma mwabefu sikanapinda zimenezo. Anadziuza choncho kangapo, koma tulo sitinabwere.

Usiku wa kumapiri kuno sukhala chete. Mphepo imatsika m'nsungwi ikulira, madzi amadontha padenga ngakhale mvula isanagwe, ndipo nkhungu imalowa mpaka pansi pa chitseko. Rutaro anagona chagada akumvetsera zonsezo, natembenukira uku, natembenukira uko. Kutali m'chigwa achimpanzi anakuwa kamodzi n'kuduka. Kenako, kumapeto kwa munda wa nthochi, kumene mpanda wa minga umalekanitsa minda ndi nkhalango, kunamveka mawu akuya, onjenjemeretsa pansi.

Mm-mmm.

M'kanyumba ka kuseri munamveka chifuwa. Kenako liwu lofooka linayankha. Mm-mmm.

Chitseko chinalira.

Rutaro anatenga tochi koma sanayatse. Anatsatira chithunzithunzi cha bambo ake, bulangete lili pamapewa, chikudutsa m'nthochi, chikupyola pampata wa mpanda umene iye sankaudziwa n'komwe. Chimene chinamuopsa kwambiri si mdima ayi, koma mayendedwe. Nkhalamba imene masana inkapuma katatu popita kuchimbudzi inkakwera mosapunthwa, ndipo patsogolo pake china chake cholemera chinkathyola zitsamba, kuima, kudikira, n'kupitiriza. Fungo la gorila, lowawasa ngati thukuta la munthu amene walima tsiku lonse, linadzaza njira yonse.

Mwezi utasuzumira pang'ono m'nkhungu, anaona. Rubale anakhala m'chisa chake, msana wake ukuyera mbuu. A Bariyanga anakwawira m'chisa cha pambali, nagona chammbali, mawondo atawapinda, dzanja limodzi atatsamira, monga ankagonera pamphasa kunyumba. Anatsokomola nthawi yaitali. Pamwamba pawo, m'chisa china, kachifuwa kakang'ono kanayankha.

Rutaro analuma mkono wa malaya ake kuti asalire mokweza. Kuyandikira sakanatha, chimphongo chodzidzimutsidwa usiku sichifunsa dzina. Anakhala pamenepo atakhwinyata, mano akugundana, mpaka kum'mawa kutayamba kuyera, pamene bambo ake anadzuka n'kutsika okha. Rutaro anawachingamira panjira.

"Ababa."

"Aa, ndiwe? Wachedwatu. Wolondola sadzuka dzuwa lili pamutu."

"Ababa, mukuwapha. Kamwana kaja kakutsokomola chifuwa chanu."

Nkhalamba inaima. Kwa kanthawi maso ake anabwerera mwakale, akuthwa. "Ndikudziwa lamulo, iwe. Ndinalikhazikitsa ndine usanamere mano."

"Nanga bwanji mukumanga chisa pakati pawo?"

"Ine? Ndi manja awa?" Anawatambasula, akunjenjemera ngati masamba. "Amandiyalira yekha Rubale. Amabwera kudzanditenga. Mwana amene unamuona akubadwa akakuyalira pogona, ungakane?"

"Dokotala wati akakupezani mukalowa m'ndende."

"Kodi pakhonde paja si ndende?"

Rutaro kuwanena bambo ake sakanatha. Kuwasiya sakanathanso. Tsiku lomwelo anatsikira kusitolo n'kugula loko, ndipo madzulo, nkhalamba itadya n'kulowa, anakhoma chitseko cha kanyumba kaja kunja. Kyarisiima anaona, nalowa m'khitchini.

Usiku umenewo mawu aja anabweranso, tsopano pafupi, m'kati mwa munda. Mm-mmm. Chitseko cha kuseri chinagwedezeka, loko anagunda thabwa. Chinagwedezekanso.

"Rutaro," liwu linaitana, losakwiya n'komwe. "Chitsekochi chakanirira. Tabwera undithandize."

Rutaro anafumbata kiyi mpaka anamulasa m'chikhatho.

"Mwanawe, akundidikira panja. Kukuzizira."

"Musayankhe," ananong'ona Kyarisiima, nayenso akulira. "Mukayankha mutsegula."

Kenako kunamveka kudziguguda pachifuwa, pokopokopoko, kogwedeza malata, ndi nthochi zikuthyoka. Agalu a mudzi wonse anangoti zii. M'mawa anapeza mitengo ya nthochi itang'ambidwa pakati, ndipo m'matope, pafupi ndi khonde la kanyumba kaja, munali zidindo za zibakera zazikulu.

Kuphiri zisa zinali khumi ndithu. Koma chakhumicho masamba ake anali ali chiimire, osagonedwa.

"Mkazi wa m'tauni uja wathawa ukwati," anatero Tindi. Ataona nkhope ya mnzake anasiya. Tindi sanali wopusa. Anali ataona zidindo zija podutsa, ndipo anasankha kusadziwa.

Zinapitirira choncho. Usiku uliwonse kuitana kumunda, usiku uliwonse kuyankha kuseri kwa loko, ndipo m'mawa uliwonse chisa chatsopano chopanda wogonamo. Dokotala anabaya kamwana kaja mankhwala ndipo kanayamba kusewera. Alendo ankatsika m'phiri akusangalala, akuonetsana zithunzi. Rutaro anachita chinthu choyenera, ndipo palibe tsiku limene anadzida ngati masiku amenewo. A Bariyanga anasiya kukhala pakhonde. Anasiya kaliwo. Chakudya ankangochiyang'ana. Sanamukalipire mwana wawo ngakhale kamodzi, ndipo n'chimene chinkapweteka kwambiri. Ankangofunsa madzulo aliwonse, mwaulemu ngati mlendo, "Kodi lero chitseko chija mwakonza?"

Usiku wina kunalibe kuitana. Rutaro anadikira, khutu lili kukhoma. Kunalibe kubuula, kunalibe chifuwa, ngakhale mphepo inaleka. Achimpanzi okha anakuwa m'chigwa, kamodzi, ngati pamene chinthu chadutsa pansi pawo. Anadzuka, nakhala pansi, nadzukanso. Anafika mpaka pachitseko chake kiyi ali m'manja, n'kudziuza kuti nkhalamba yagona bwino lero, asaidzutse.

Kutacha anapeza loko ali chikhomere. M'kati, bambo ake anali pamphasa, chammbali, mawondo opinda, dzanja atatsamira. Anali atazizira kale. Majombo anali pakona, ouma.

Maliro anali aakulu. Olondola onse anabwera atavala yunifolomu, ngakhale dokotala uja anagwetsa misozi, nanena kuti a Bariyanga anali munthu amene sanaphwanyepo lamulo la nkhalango. Rutaro anangoyang'ana pansi.

Atamaliza masiku olira anabwerera kuntchito. Anakwera ndi Tindi kusanache, nkhungu ikuwaphimba mpaka wina osaona msana wa mnzake. Anapeza pamene banja linagona, pansi pa mitengo yodzala ndere. Tindi anayamba kuwerenga ndi chala, ndipo atafika kumapeto chala chinakhala m'mwamba.

"Amwene," ananong'ona. "Tabwerani."

Chisa chakhumi chinali pambali pa cha Rubale. Masamba ake anali ophwathalala. Pakati panali dzenje laling'ono, lopindika, la munthu wowonda wogona chammbali, ndipo chakumutu panali pobooka pamene chigongono chinatsamira. Rutaro anagwada. Anaika dzanja lake pamenepo.

Panali pofunda. Ndipo m'masamba onyowawo munkamveka fungo la fodya wa m'kaliwo.

Zitsamba zinagwedezeka patsogolo pawo. Rubale anatulutsa mutu wake waukulu, akutafuna pang'onopang'ono. Rutaro anatsitsa maso monga anaphunzitsidwira, natsegula pakamwa kuti apereke moni, koma sanaupereke. Chimphongocho sichinali kuyang'ana iye. Chinkayang'ana kupyola phewa lake, kumbuyo, kumene kunalibe munthu, poti Tindi anali pambali pake atamugwira mkono.

Mm-mmm, anatero Rubale.

Ndipo kumbuyo kwawo, m'nkhungu, liwu linayankha. Linali lomveka bwino, lamphamvu, lopanda chifuwa.

Ovaova inalira m'thumba. Anali a pachipata. "Rutaro, alendo akonzeka kuno. Mwawapeza? Mwawerenga zisa?"

Tindi anamuyang'ana. Rutaro sanatembenuke. Anachotsa dzanja m'chisamo pang'onopang'ono, napukuta misozi, nadina batani.

"Tawapeza," anatero. "Onse alipo."